Kutsanzikana ndi a Pius Kambalame, amene sanalole Achitini kukhala chete

Kwa Mayi Tionge Kambalame ndi ana, kwa abale a kwa Mlonyeni ndi a ku Phalombe, kwa akumpingo, ndi kwa onse amene uthengawu uwafike.

Ife a bungwe la Timvane, lomwe limasonkhanitsa anthu osaona m'boma lino la Mchinji, talandira ndi mitima yosweka uthenga wakuti Bambo Pius Kambalame, amene akhala akusamalira makompyuta athu kwa zaka zambiri, anatisiya Lamulungu lapitali atangodwala kwa nthawi yochepa. Imfayi yatidzidzimutsa ndipo yatisiya manja ali m'khosi, pakuti Lachisanu lapitali anali nafe ku ofesi, akudandaula za fumbi lolowera pawindo ndi kutiseka monga mwa masiku onse, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wa ife amene anaganiza kuti akumva mawu awo komaliza.

Ine amene ndikulemba m'malo mwa anzanga onse ndine Rodrick Kachingwe, wapampando wa bungweli, wosaona chibadwire. Pa udindo wangawu ndalembapo mauthenga achipepeso angapo, ndipo amene amandidziwa amadziwa kuti sinditalikitsa nkhani. Koma pa uno mundikhululukire, chifukwa pali zimene ndiyenera kunena pagulu, komanso pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuwauza Mayi Kambalame, chimene pa siwa ndinalephera kuchitulutsa m'kamwa.

A Kambalame anabadwira pa esiteti ina ya fodya ku Chiosya, kumene makolo awo anafika kuchokera ku Phalombe kudzagwira utenanti. Anakulira m'zigafa, akusoka fodya monga ana ena onse a pa esiteti, koma mtima wawo unali pa kawailesi ka bambo awo, kamene anakamasula ndi kukamanganso kangapo mpaka kanayamba kukoka masiteshoni a ku Zambia amene poyamba sikankawamva. Atakula anatsegula benchi yokonzera mawailesi pa boma, ndipo ndi pamenepo pamene tinakawapeza, nthawi imene bungwe lathu linalandira makompyuta oyamba koma popanda munthu wodziwa kuwasamalira. Iwo anali munthu wopenya bwinobwino, ndipo panalibe chowakakamiza kuti adzimangirire kwa ife. Anabwera kuti adzatithandize kwa kanthawi kochepa, koma ku benchi ya mawailesi ija sanabwerereko.

Ntchito zimene agwira pakati pathu n'zambiri, ndipo sitingathe kuzitchula zonse. Ndi iwo amene anakonza chipinda chathu cha makompyuta, kuyambira mawaya mpaka matebulo. Ndi iwo amene anaphunzitsa mamembala athu, achikulire ndi achinyamata omwe, kulemba ndi kuwerenga okha popanda kubwereka maso a munthu wina. Ndi iwonso amene ankakwera njinga yamoto, dzuwa likuswa mtengo kapena mvula ikugwa, kupita ku Dambe, ku Chiosya ndi kwa Mlonyeni kukakonza makina a mamembala amene sakanatha kufika pa boma. Chifukwa cha iwo, mlimi wosaona amadziwerengera yekha uthenga wochokera ku kalabu yake ya fodya, mayi wosaona amamva yekha zimene mwana wake walemba ali ku Lilongwe popanda mnansi kuyamba wazimva, ndipo ophunzira athu amalemba ntchito zawo za kusukulu pa kompyuta monga anzawo. Sankadziwa kupsera mtima munthu wochedwa kumva, ngakhale atafunsa funso lomwelo m'mawa wonse. Chimene chinkawapsetsa mtima chinali kapu ya tiyi pafupi ndi kiyibodi, ndipo pa mlandu umenewu sankaona nkhope, wapampando kapena membala wamba ankadzudzulidwa chimodzimodzi.

Komabe ntchito imene tidzawakumbukire nayo koposa ndi ya Achitini, ndipo kwa amene sali a m'gulu lathu ndiyenera kufotokoza kuti Achitiniwo ndani. Munthu wosaona amagwiritsa ntchito kompyuta ndi makutu. M'kati mwake mumakhala pulogalamu imene imatchula mokweza chilichonse cholembedwa pa sikirini, komanso chilembo chilichonse chimene chala chadina. Mawu amene tinayamba nawo anapangidwa kalekale kunja, ndi kampani imene pano inasiya kuwasamalira, ndipo amamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini chopanda kanthu. Mayi Esitele a ku Dambe, mmodzi mwa mamembala athu oyamba, atawamva tsiku loyamba anafunsa kuti, "Kodi achitiniwa ali ndi chimfine? Tawapatsaniko madzi a mandimu." Dzinalo linakhazikika mpaka lero, moti ngakhale pa misonkhano ya komiti timawatchula Achitini, ndi ulemu wonse, ngati munthu wamkulu amene wakhala nafe m'chipindamo.

Achitini analeredwa m'Chingerezi, choncho Chichewa ankachiwerenga ndi malamulo a kwawo. Mchinji ankati Makinji, Dambe ankati Damu, Chiosya ankati Chayosya, ndipo mayina athu ankawathyolathyola mopanda chisoni. Ife tinkaseka mpaka misozi, koma a Kambalame anakhala nawo pansi n'kuyamba kuwaphunzitsa liwu limodzilimodzi, chaka ndi chaka, mpaka Achitini anayamba kutchula midzi yathu ngati munthu wobadwira konkuno.

Ndi ntchito yomweyi imene inawapatsa banja. Mayi Tionge, amene ndi mphunzitsi wa ana osaona ndipo nawonso saona, anabwera tsiku lina ndi kompyuta yawo kuti aikemo mawu. Atalemba dzina lawo kuti ayese, Achitini anatchula mokweza kuti, "Tiyonji." A Kambalame analephera kudzigwira, anaseka.

"Kodi bambo, muli pano kuti muzikonza kapena kuti muziseka?" anafunsa mayiwo, mawu atauma.

"Pepani aphunzitsi, dzinalo ndikonza mawa," anayankha a Kambalame.

Mawa limenelo silinafike. Mayi Tionge ankabwera kudzakumbutsa, a Kambalame ankalonjeza, ife tinkamvetsera tili phee, ndipo sitinachedwe kuzindikira kuti dzinalo likakonzedwa mayiwo sadzakhalanso ndi chobwerera ku ofesi, ndiponso kuti onse awiri akudziwa zimenezo. Pamene ankakwatirana, mayina a mamembala onse anali atakonzedwa kupatula limodzi lokha. Kunyumba, kutchalitchi, ngakhale pamaso pa alendo, a Kambalame ankawaitana akazi awo kuti Tiyonji, ndipo mayiwo, amene poyamba ankatsonya akamva, anafika povomera ngati ndi dzina lawo la ubatizo.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankadabwitsa alendo. Asanayambe kukonza kompyuta ya munthu wosaona, ankayamba aphimba sikirini ndi chitenje chakale cha akazi awo, n'kumagwira ntchito ndi makutu okha monga ife. Wina akawafunsa chifukwa chake ankati, "Ndikayang'ana, maso andiuza kuti zatheka, pamene mwini wake akakafika kunyumba akangomva zii. Kuli bwino ndiyambe ndasochera ineyo pompano." Chitenje chimenecho chinkakhala pa benchi yawo nthawi zonse, ndipo tonse timachidziwa ndi manja, pakuti chinang'ambika kungodya imodzi.

Zaka zikupita, kunabwera mawu atsopano, osalala, omveka ngati a owerenga nkhani pa wailesi, ndipo ambiri a ife tinasamukira kwa amenewo, inenso ndili m'gulu lomwelo. Koma m'zaka zomwezo makutu a Mayi Kambalame anayamba kufooka, ndipo achipatala anawauza mosabisa kuti sadzabwerera m'chimake. Mawu osalala aja anayamba kuwamvekera ngati munthu akulankhulira kuseri kwa chitseko. Achitini okha, ndi kuuma kwawo konse, ndi amene ankadula liwu lililonse palokhapalokha, moti mayiwo ankawamva ngakhale atawathamangitsa kwambiri. Anandiuza tsiku lina kuti, "A Kachingwe, atsopanowa amameza mawu. Achitini amaluma, n'chifukwa chake ndimawamva." Apa ndi pamene nkhani ya Achitini inaleka kukhala yoseketsa. Popanda mawu amenewo Mayi Kambalame sakanatha kukonzekera phunziro, sakanatha kuchonga zimene ana alemba, ndiponso sakanatha kudziwerengera okha Baibulo lawo. Kwa munthu amene maso anatseka kale, linali khomo limodzi lokha limene linatsala lotsegula.

Vuto linali lakuti makompyuta sadikira munthu. Achitini anapangidwira makina a mtundu wakale, amene akatswiri amati a mabiti 32. Atabwera a mabiti 64 ankawalolabe Achitiniwo, ngakhale monyinyirika, ndipo a Kambalame ankadziwa pokankha kuti alowe. Koma malaputopu amene tinalandira posachedwapa kuchokera kwa akufuna kwabwino ali ndi purosesa, imene ndi ubongo wa makinawo, ya mtundu wina kotheratu, yofanana ndi ya m'mafoni. Tinawakondwerera kwambiri chifukwa batire yake siitha msanga, chinthu chofunika kwa mamembala a kumidzi kopanda magetsi. Koma malangizo amene Achitini anazolowera, purosesa yatsopanoyo siiwadziwa, ndipo a Kambalame atawaikamo, Achitini anangokhala chete, osatsokomola n'komwe.

Kwa kanthawi, kompyuta yakale ya Mayi Kambalame inkayendabe ndi zigamba. Bambo Greyson, mnzawo wa a Kambalame amene amakonza mafoni ndi makompyuta pa boda, ankawoloka kupita ku Chipata kukasaka zipangizo zakale, mpaka wogulitsa wina kumeneko anawauza kuti, "Ba mudala, ivi vintu vinasila kudala, gulani chabe ya manje." M'Chinyanja cha ku Zambia ankatanthauza kuti zinthuzo zinatha kalekale, angogula zatsopano. Kenako mvula yoyamba inabwera ndi mphenzi, magetsi anathima n'kubweranso mwamphamvu, ndipo kompyuta ija inapsa osadzukanso. Inali nthawi ya mayeso a kumapeto kwa teremu.

A Kambalame anayesa kulowa m'malo mwa Achitini. Ankakhala pafupi ndi khutu la akazi awo n'kumawawerengera zimene ana alemba, koma ntchitoyo anachotsedwa isanapite patali. Mayi Kambalame anatiuza akuseka, ngakhale kuti chisekocho sichinali chochokera pansi pa mtima, kuti, "Bambowa sangachonge mayeso. Mwana akalakwitsa liwu, iwo amamukonzera powerenga, chifukwa cha chisoni. Ndikanawalola, kalasi yonse ikanakhoza. Achitini sanamizira mwana, amawerenga mmene walembera."

Mayi Kambalame si munthu wodandaula pagulu, koma sukulu zitatsekera anabwera ku ofesi n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi wanga. "A Kachingwe," anatero, "sukulu ikatsegulira mu Januwale ndikatula pansi ntchito. Ana aja sindingamawauze kuti ndawerenga zimene alemba pamene sindinawerenge."

A Kambalame anali pa benchi yawo, ndipo ndinamva atasiya pansi chimene anagwira. "Tiyonji, tadikirani kaye," anatero. "Ine sindinanene kuti ndalephera."

"Mwayesetsa, bambo. Zinthu zimatha."

"Zimatha inde, koma izi sizinathe," anayankha iwo.

Ku komiti anatifotokozera motere: "Achitini ndi nkhalamba, kusamuka akana. Ndiye ndiwamangira kanyumba kofanana ndendende ndi kakale m'kati mwa laputopu yatsopanoyi, asadziwe kuti tawasamutsa. Pakhomo pa kanyumbako ndiikapo kapulogalamu kotumikira, kazitenga zolembedwa kulowa nazo, n'kutuluka ndi mawu." Ife a komiti tinavomera ndi mphamvu, ngakhale ena a ife sitinatolepo zambiri. Iwo ankalemberana ndi anthu osaona a m'mayiko ena amene nawonso akukakamira mawu omwewa, ankagawana nawo nzeru, ndipo m'mawa wina anafika ku ofesi akusangalala, n'kunena kuti, "Kani Achitini ali ndi abale mpaka kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu."

Tsiku limene Achitini analankhula koyamba mu laputopu yatsopano tinaomba m'manja, ndipo Mayi Esitele anaimba nthungululu mpaka a m'maofesi oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati kuli ukwati. Koma Mayi Kambalame atavala mahedifoni n'kuyamba kulemba, tinamva zala zawo zikuchedwa, kenako zinaima.

"Akuchedwa, bambo," anatero motsitsa.

"Ndamva," anayankha a Kambalame.

Kwa munthu wopenya kuchedwa kotereku sikuoneka n'komwe, koma kwa ife n'kwakukulu. Chala chikadina chilembo, mawu ayenera kubwera pomwepo. Akafika chala chitadutsa kale pa zilembo zina, zimakhala ngati ndodo imene ikukuuza za dzenje utagweramo kale. Kwa munthu amene makutu ake akuvutikira kale, kulemba kotero n'kosatheka. A Kambalame sanatsutse, ndipo sananene kuti mayiwo adzazolowera. Anatenga chitenje chija, anaphimba sikirini, n'kukhalanso pansi.

Mwezi wa Disembala wonse anathera pa benchi imeneyo. Anzawo akupalira chimanga ndi kuthira feteleza, munda wawo wa kwa Mlonyeni unkamera udzu, ndipo abale ankafunsa ngati chaka chino banjalo lidya makompyuta. Ine ndinkafika ku ofesi n'kumva chilembo chimodzi chikudinidwa mobwerezabwereza, Achitini akuyankha, a Kambalame akung'ung'udza, kenako chilembo chomwecho kachiwiri. Sindinawamve akudandaula, koma ndinkawamva kutopa m'mapumidwe awo, ndipo ndikawauza kuti apume ankati adzapuma sukulu ikatsegulira.

Lachisanu lapitali ndinawapeza pomwepo, ndipo nditawafunsa kuti zili pati anati, "Kwatsala kanthu kakang'ono."

"A Kambalame," ndinatero ine, "kanthu kameneka sikakula bwanji? Chiyambire Disembala kakadali kakang'onobe?"

Anaseka chiseko chawo chija chotulukira m'mphuno. "Lolemba mudzamva nokha, a wapampando. Koma mayi musawauze kaye, ndawalonjeza kambiri."

Loweruka anapita kukapalira munda uja, ndipo anagwa khasu lili m'manja. Anathamangira nawo kuchipatala, koma Lamulungu anatsikira kuli chete.

Lolemba m'mawa, titachoka pa siwa, ine ndi Bambo Greyson tinapita ku ofesi kukatenga mipando yoti anthu akhalire pa maliro. Mayi Kambalame sanafunse za laputopu, ndipo ife sitinalimbe mtima kuitchula. Ndikupapasa kufuna mipando, dzanja langa linakhudza chitenje chija, ndipo pansi pake panali laputopu, mmene mwini wake anaisiyira.

"Ndiyatse?" anafunsa a Greyson.

Ndinene zoona, ndinachita mantha. Ndinkaopa kuti tikamva Achitini akuchedwabe, kapena ali chete, ndiye kuti Mayi Kambalame ataya amuna awo ndi ntchito yawo sabata imodzi, ndipo wokawauza ndikhala ine. Komabe ndinati, "Yatsani, koma chitenjecho musachotse."

Ndinaika zala pa kiyibodi n'kudina chilembo chimodzi, ndipo mawu anabwera limodzi ndi chala. Ndinalemba mothamanga mmene ndingathere, koma Achitini sanatsalire ngakhale pang'ono. Ndinalemba Mchinji, anatchula Mchinji. Dambe, Chiosya, Mlonyeni, zonse zinatuluka bwinobwino. A Greyson anatseka laputopuyo n'kuitsegulanso kuti timve ngati mawuwo angadzuke nayo, ndipo anadzuka. Ntchito inali itatha, ndipo linalidi Lolemba, monga ananenera.

Kenako ndinalemba dzina la Mayi Kambalame, ndipo Achitini anati, "Tiyonji."

"Apa pokha ndiye anaiwala," anatero a Greyson. "Ndikonze msanga mayi asanamve, zingawapweteke."

Anakweza chitenje kuti aone pamene pamakhala malamulo a katchulidwe ka mawu, kenako anawerenga malamulowo nthawi yaitali, moti ndinawafunsa ngati pali chimene chawonongeka.

"Ayi, a wapampando, sanaiwale," anatero. "Pomanga kanyumba katsopanoka sanaphunzitse liwu limodzilimodzi ngati kale. Anaika malamulo a Chichewa chonse, akuti e wa kumapeto azitchulidwa, ndipo g asamasanduke j. Ndi malamulo amenewo dzina la mayi likanatuluka bwinobwino lokha, popanda kulikhudza. Koma iwo anabwereranso, n'kulipatula. Achita kuwaphunzitsa Achitini kuti dzina ili lokha azilakwitsa."

Sindichita manyazi kunena kuti ife amuna awiri akuluakulu tinalira mu ofesi muja, ndipo mipando inafika pa siwa mochedwa.

Kwa amene amapanga makina amenewa, ngati uthenga wochokera ku Mchinji ungawafike, ndingonena mwachidule kuti zatsopano sitizikana, ndipo tikuzigwiritsa ntchito mothokoza. Koma mukamatseka khomo lakale, muziyamba mwafunsa ngati palibe munthu amene amalowera pamenepo pokha. Ife tinali ndi mwayi wa munthu amene anakhala pansi mwezi wathunthu kutsegula khomo lotero chifukwa cha khutu limodzi, ndipo tikudziwa kuti si dera lililonse limene lili ndi mwayi umenewo.

Komiti ya bungwe lathu yagwirizana kuti ntchito ya a Kambalame isaikidwe nawo m'manda. Bambo Greyson aisunga kale m'malo angapo, ndipo avomera kuti aziisamalira ndi kuiika m'malaputopu a mamembala ena amene makutu awo ayamba kufooka. Tidzaipereka kwa munthu aliyense wosaona amene angaifune, kuno kwathu kapena kutsidya kwa malire, pakuti mwini wake sankadziwa kumana. Chipinda chathu cha makompyuta chizitchedwa ndi dzina la Pius Kambalame, ndipo ngati banja lingatilole, chitenje chija chikhalabe pa benchi, kuti aliyense amene adzakonze makina athu aziyamba waphimba sikirini.

M'malo mwa komiti, mamembala onse a Timvane a pa boma ndi a kumidzi, ophunzira athu ndi makolo awo, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa banja lonse lofedwa. Kwa inu ana, bambo anu tinkagawana nanu, ndipo nthawi zambiri gawo lalikulu linkabwera kwa ife. Tikukuthokozani chifukwa simunatichitire nsanje, ndipo khomo la ofesi yathu ndi lanu monga linalili la bambo anu. Kwa abale a ku Phalombe amene mwayenda ulendo wautali, mwana wanu sanakhale mlendo m'dziko lino, ndipo mudzaona nokha kuchuluka kwa ndodo zoyera zimene zimuperekeze. Kwa abale a kwa Mlonyeni ndi akumpingo, amene mwasenza maliro ano kuyambira Lamulungu, Mulungu akubwezereni mphamvu zimene mwataya. Mwambo woika m'manda udzachitika Lachitatu kwa Mlonyeni, mapemphero a kutchalitchi akatha, ndipo mamembala amene akufuna owatsogolera panjira adziwitse ofesi. Tikupempha Ambuye, amene amamva ngakhale mawu osatuluka m'kamwa, kuti awalandire mtumiki wawoyu ndi kuwapatsa mpumulo umene anaukana mwezi wonse wa Disembala.

Tsopano ndilankhule nanu, Mayi. Laputopu ija taisiya m'manja mwa Mayi Esitele, amene ali nanu m'nyumbamo. Sitikukufulumizani, ndipo za sukulu mudzaganiza nokha misozi ikaphwa. Tikungofuna mudziwe kuti amuna anu anamaliza chimene anakulonjezani, kuti Achitini sakuchedwanso, ndiponso kuti ana aja mungathe kuwawerengera ntchito zawo popanda wowakonzera. Uthengawu udzawerengedwa kumanda ndi pakamwa pa munthu, ndipo ndikudziwa kuti m'chigulu cha anthu mudzamvapo zochepa. N'chifukwa chake ndauikanso mu laputopumo, kuti anthu akabalalika, pakhomo pakachita bata, mudzavale mahedifoni n'kuumva nokha kuyambira pachiyambi.

Dzina lanu ndalilemba molondola, monga liyenera kulembedwera, ndipo m'malamulo aja sitinakhudzemo kanthu. Mukadzamva mmene alitchulire, mudzadziwa kuti si ife amene tikukuitanani choncho. Mukadzafuna kuti tilikonze, tidzakuyankhani kuti tikonza mawa.

Ambuye akulimbitseni ndi kukusungani, Mayi Tionge.

Rodrick Kachingwe
Wapampando
Bungwe la Anthu Osaona la Timvane, Mchinji